Mimba ya Jelita Imene Inalibe Mwana

Kalekale, koma osati kale la mikondo ndi mauta ayi, kale la dzana lomweli, mafoni a m'manja atangofika kumene kumidzi, munthu akafuna kumva mawu a mnzake n'kumakwera pachulu, pamsika wa Mphandika panali mayi wina wokazinga mandasi dzina lake Jelita. Tcherani khutu, chifukwa pothera pake mlanduwu ndiutula m'manja mwanu.

Jelita anakwatiwa ndi Lekisoni, mkamwini wochokera kutsidya kwa dambo. Anakhala m'banja zaka zinayi popanda mwana. Kenaka Lekisoni anakwera basi ya ku Joni kukasaka ntchito, ndipo zaka ziwiri zinatha asanapondenso kwawo.

Thupi la Jelita linali ndi zake kuyambira ali namwali. Anzake ankasamba mwezi ndi mwezi, iye ankatha miyezi itatu, pena inayi, osaona kanthu. Ziphuphu zimene atsikana amasiyana nazo akakula, iye zinamukakamira. Kumbuyo kwa khosi kunada ngati kwa munthu wosadziwa sopo, chonsecho ankakukwecha ndi mwala mpaka kutuluka magazi. Pachibwano pankamera titsitsi tolimba, iye n'kumatizula mobisa. Mwamuna atachoka, zinthu zinanyanya. Tsiku lonse ankakhala pa kampando pambali pa chiwaya, chakudya chake mandasi otsala ndi tiyi wothira shuga masipuni anayi. Ananenepa, ndipo kunenepako kunathamangira pamimba. Msambo unasowa miyezi isanu ndi iwiri yathunthu.

Pamsika maso sagona. Amayi ogulitsa tomato anayamba kutsinana Jelita akamadutsa.

"Mwamuna ali ku Joni," anatero wina. "Nanga mimbayi yabwera pa foni?"

Manong'onong'o okha sakanapha munthu. Koma panali anthu atatu amene anakolezera motowo.

Woyamba anali Yotamu, mwamuna wa kabaza amene m'mawa uliwonse ankanyamula thumba la fulawa ndi beseni la Jelita kupita nazo kumsika. Tsiku lina akusewera bawo pansi pa mtengo wa mbawa, anzake anamuputa. "Iwe Yotamu, katundu ali kwa Jelita uja ndi wako eti?" Yotamu anali asanamukhudzepo Jelita ngakhale chala. Koma anali munthu wokonda kuti akayankhula iye, anthu azifa ndi phwete. Anaponya nkhomo m'maenje nati, "Njinga yangayi sinyamula fulawa yekha." Anthu anaseka mpaka kugwira nthiti. Pofika madzulo, mawu aja anali atalowa khomo lililonse, ndipo sanalinso nthabwala.

Wachiwiri anali Binwelo, mlongo wake wa Jelita, kalipentala wa pamsikapo. Makolo awo anali atamwalira, ndiye mwini mbumba anali iyeyo. Jelita anapita kushedi kwake, nagwada pa utuchi.

"Achimwene, thupi langa sindikulimvetsa. Ndiperekezeni kuchipatala akandione."

"Kuti akalembe manyazi athu m'buku? Nditchulire kaye mwini mimbayi."

"Ndilibe mimba, achimwene."

Binwelo anatola kathabwa namukwapula nako pamsana mpaka kanathyoka. "Ukakaponda kuchipatala usananditchulire dzina, pamudzi pano usadzabwererenso."

Wachitatu anali Fainesi, mlongo wake wa Lekisoni, amene anakwatiwa ndi bambo Gwaza a pachigayo. Iyenso anali atakhala m'banja zaka zisanu ndi chimodzi popanda mwana. Akaona mimba ya mlamu wake, mtima unkamupweteka. Ine wokhala ndi mwamuna m'nyumba ndilibe kanthu, uyu wogona yekha ndiye watenga? Tsiku lina masana anakwera pachulu ndi foni.

"Achimwene, inu mukukolopa nyumba za eni kumeneko. Kuno m'munda mwanu walima wina, ndipo mbewu yamera kale. Funsani za Yotamu wa kabaza."

Patapita sabata imodzi, tsiku la msika, dzuwa lili paliwombo, Lekisoni anatsika minibasi. Sanafunse za kunyumba. Anasiya chikwama pamsewu, nadutsa pamalo ogulitsira nyama ya mbuzi, nasolola chikwanje chimene chinali pa chipika. Jelita atamuona anaimirira, nkhope yonse mwee.

"Bambo! Mwabwera osanena?"

"Mwini wake ali kuti?"

Jelita asanayankhe, Lekisoni anamenya chiwaya ndi phazi. Mafuta owira anakhuthukira pamiyendo ya mkazi wake, khungu n'kusendeka ngati la mbatata yophika. Jelita anakuwa nagwa chagada. Chikwanje chinatsika, nichimupeza paphewa, mpaka anthu anamva kulira kwa fupa. Msika wonse unangoti balala, madengu a tomato kugubuduzika, ana kupondedwa. Lekisoni anakwezanso chikwanje, ulendo uno atalunjika pamimba.

"Ndimutulutsa ndekha mwana wachigololoyu!"

Binwelo anamva mkuwo ali kushedi, ndipo anawazindikira mawuwo. Anathamanga chimanjamanja, osatola ngakhale hamala. Pofika, chikwanje chinali kale m'mwamba, ndiye iye anangoponya dzanja lake lamanja pakati pa mpeni ndi mimba ya mlongo wake. Zala zinayi zinagwera m'phulusa, chinatsala chala chachikulu chokha. Binwelo sanabwerere m'mbuyo. Anamukola Lekisoni pakhosi ndi mkono wamanzere, namuluma khutu mpaka kulidula. Anagubuduzana m'mafuta, m'makala, m'magazi. Lekisoni anamutemanso pamutu, magazi n'kumutseka m'maso, koma Binwelo anakakamira mwendo wake osausiya kufikira amuna a pamsika atabwera ndi mabenchi. Lekisoni anadzipulumutsa, nathawira m'bango la kudambo, kulowera kwawo.

Jelita anali gone, magazi akutumphuka paphewa. Minibasi ija inali itapita, galimoto ina panalibe. Anyamata a kabaza anayang'anana. "Ameneyu afera panjinga," anatero wina, "ndiye mlandu udzakhala wa ndani?" Wina anamukoka Yotamu malaya. "Iwe thawa. Akusakidwa ndiwe. Ukangomugwira mayiyu, wavomera." Yotamu anadziwa kuti mnzakeyo akunena zoona. Anadziwanso kuti msewu wa ku chipatala cha mishoni unali umodzi wokha, wodutsa pa mlatho wa kwawo kwa Lekisoni. Anavula malaya, nawang'amba, namanga nawo phewa la Jelita. Anamukhazika pa keliyala, namumangirira kumsana kwake ndi chitenje ngati mwana, nayamba kupalasa.

Pamlatho anapeza abale a Lekisoni atamva kale. "Ndi uyo! Wanyamula mkazi wake!" Miyala inagwa ngati matalala. Yotamu anawerama, napotoza thupi kuti miyalayo izipeza iye. Mwala wina unamupeza pakamwa, mano anayi n'kuguluka. Wina unamung'amba pachipumi. Munthu wina anasolotsa ndodo m'masipoko, tayala lakutsogolo n'kupindika, koma Yotamu anatsitsa phazi osagwa. Anasiya njinga pomwepo, nathamanga wapansi Jelita ali kumsana. Kumbuyo ankamva anthu akuphwanya njinga yake ndi nkhwangwa. Chitunda chomaliza anachikwera chokwawa. Atalowa pachipata cha chipatala, analavula magazi nauza anamwino kuti, "Yambani uyu." Masana omwewo nyumba ya Yotamu inatenthedwa, ndi zonse zinali momwemo.

Dokotala wa pamenepo anali mayi wina wamfupi, wosachedwa kuyankhula, dzina lake mayi Chatepa. Anasoka phewa la Jelita, namuika magazi, natsuka zilonda za moto zija. Binwelo anafika pambuyo pake pangolo, nayenso anasokedwa. Popeza aliyense ankati Jelita ndi woyembekezera, mayi Chatepa anayeza mkodzo wake. Sanapeze mimba. Anayendetsa makina ounikira pamimba pake. Chiberekero chinali chopanda kanthu.

Fainesi anafika kuchipatalako tsiku lomwelo, mantha atamugwira. Sankayembekeza kuti foni ija ifika pa magazi. Jelita analibe mbale wamkazi womudikirira, ndiye Fainesi anayala chitenje pansi pambali pa bedi, nakhala pamenepo. Tsiku lachitatu m'mawa Jelita anatsitsimuka bwino, ndipo mayi Chatepa anabwera ndi chithunzi chakuda cha makina aja.

"Mayi, mimba mulibe, ndipo miyezi yonseyi munalibe. Taonani apa. Awa ndi mabasiketi a mazira, mkazi aliyense ali nawo awiri. Mwezi uliwonse dzira limodzi limakhwima n'kutuluka, ndipo likapanda kukumana ndi mbewu ya abambo, munthu amasamba. Kwa inu mazira amayamba kukula ambirimbiri, koma palibe lofika pokhwima. Amangotsalira m'mbalimu ngati timatuza, mukutiona tandandalika ngati mikandati. Dzira likapanda kutuluka, msambo subwera."

"Anandilodza ndani?" anafunsa Jelita.

"Palibe. M'magazi mwa munthu muli timadzi tolamula thupi, timatchedwa mahomoni. Mkazi aliyense ali ndi mahomoni achimuna pang'ono. Anu achulukirapo, n'chifukwa chake tsitsi la pachibwanoli ndi ziphuphuzi. Komanso thupi lanu likuvutika kugwiritsa ntchito shuga, ndiye kunenepa pamimbaku ndi kuda kwa khosiku. Si litsiro ayi, lekani kukwecha. Matendawa ali ndi amayi ambiri, kungoti aliyense amabisa poganiza kuti ali yekha."

"Ndichira?"

"Sindikunamizani, satheratu. Koma munthu akamawasamala amagonja. Muchepetse shuga ndi zokazinga m'mafuta. Mubwerere ku mgaiwa, nyemba ndi masamba. Muziyenda kapena kulima mpaka thukuta tsiku lililonse. Ngakhale kunenepaku kutatsika pang'ono pokha, thupi limamva. Ndikupatsani mapiritsi oti msambo uzibwera pa nthawi yake, chifukwa ukasowa miyezi yambiri, m'kati mwa chiberekero mumakhuthala, ndipo zimenezo zimadzabala mavuto ena. Tiziyezanso shuga ndi kuthamanga kwa magazi."

Jelita anafunsa motsitsa mawu. "Ndiye kuti ndine chumba?"

"Ayi. Ambiri amabereka. Ena pawokha, ena timawathandiza ndi mankhwala okhwimitsa dzira. Mukanabwera kale tikanakuuzani zimenezi kale."

Pansi paja Fainesi ankamva zonsezi. Chilichonse chimene dokotala anatchula, iye ankachiwerenga pathupi pake. Anali atamanga mpango kuzungulira chibwano ngati wodwala dzino, koma dzino silinkamupweteka. Kuyambira ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri ankameta ndevu kubafa m'mawa uliwonse anthu asanadzuke, ndipo tsopano panali patapita masiku atatu asanagwire lezala. Nayenso msambo unkamusowa miyezi inayi, isanu. Ukasowa ankauza bambo Gwaza kuti waima, ukabwera wambiri n'kumalira kuti mimba yapita padera, afiti adya. Anatero kanayi konse.

Ali m'kati moganiza, kuchipata kunamveka phokoso. Abale a Lekisoni anali atabwera, anthu ngati makumi atatu, ndi zibonga, zikwanje, tayala lakutha ndi chigubu cha petulo. Ankawatsogolera malume awo, bambo Chimbalanga. Lekisoni anali pakati pawo, khutu atamanga ndi sanza. Bambo Gwaza nawonso analipo.

"Tipatseni Yotamu! Tulutsani wakuba akazi!"

Mlonda anali mmodzi, chipata cha mawaya, ndipo apolisi anali akadali m'njira. Mayi Chatepa anayang'ana Jelita, chithunzi chili m'manja.

"Kawaonetseni," anatero Jelita. "Ndilibenso chobisa."

Dokotala anatuluka, nakweza chithunzicho, nafotokoza kuti mimba panalibe. Anthu anaseka.

"Mwachotsa mimba, ndiye mukutionetsa chithunzi cha mdima?"

Mwala unamuphonya pang'ono, nuswa galasi la zenera. Anayamba kugwedeza chipata, mawaya n'kuyamba kuduka. Wina anatsegula chigubu chija, fungo la petulo n'kufika mpaka m'wodi momwe Yotamu anagona.

Pamenepo Fainesi ananyamuka. Anadutsa mlonda, natulukira pa kachipata kakang'ono, naima pakati pa abale ake. Anamasula mpango uja nautaya pansi. Ndevu za masiku atatu zinali bii kuyambira pachibwano mpaka m'masaya. Anagwira dzanja la bambo Chimbalanga nalikhudzitsa pamenepo.

"Malume, gwirani. Ndine Fainesi, mwana wa mlongo wanu. Ndevu izi ndakhala ndikumeta mobisa zaka zonsezi. Inenso ndimatha miyezi isanu osasamba. Bambo a kunyumba, ndakuonani muli apo. Mimba zinayi zimene ndinkakuuzani kuti zapita padera, panalibe mimba ngakhale imodzi. Matenda a mlamu wanga ndi anganso, adokotala awatchula ine ndikumva. Ngati thupi lotere ndi umboni wa chigololo, tayalalo mundiveke ine. Foni ija ndinaimba ndine, ndipo sindinaonepo kanthu ndi maso anga. Inali nsanje basi."

Bambo Chimbalanga anayang'ana dzanja lawo ngati lapsa.

Lekisoni anakankha anthu natulukira kutsogolo. "Wanditemetsa mkazi wanga ndi bodza, lero ukundivula pagulu?" Analanda chibonga kwa mnzake namumenya nacho mlongo wake kumaso. Diso lamanzere la Fainesi linaphulika. Anagwa, koma pogwapo anakumbatira miyendo ya Lekisoni, nakuwa kuti, "Mugwireni! Musamusiye alowe!" Lekisoni anamupondaponda pamsana, iye osasiya. Bambo Chimbalanga anataya tayala lija, namugwira mphwawo pakhosi. Anthu ena anayamba kuchoka mmodzimmodzi, aliyense kubisa chida chake kumbuyo. Apolisi pofika anapeza Lekisoni atamangidwa ndi linya pa mtengo wa pachipata.

Kukhoti, Fainesi anaima ndi diso limodzi nachitira umboni wotsutsa mlongo wake wa bere limodzi. Lekisoni anapita kundende zaka zambiri, banja lake ndi Jelita n'kuthera pomwepo. Sabata yomweyo bambo Gwaza anatulutsa katundu wa Fainesi panja. "Sindingasunge mwamuna mnzanga m'nyumba," anatero. Abale ake analeka kumupatsa moni, ngakhale pamaliro.

Jelita anatuluka m'chipatala patapita miyezi iwiri, mkono umodzi wosakwera bwino, miyendo yodzaza zipsera. Chiwaya sanachigwirenso. Anatsegula dimba kudambo, ndipo m'mawa uliwonse ankayenda wapansi kupita kumeneko, n'kumatunga madzi ndi mkono wabwinowo. Tiyi wopanda shuga poyamba ankamuwawa ngati mankhwala a malungo, koma anazolowera. Mapiritsi ankamwa osadumphitsa. Sanasanduke wowonda ayi, koma mimba ija inaphwa, khosi linayamba kuyera, ziphuphu zinachepa. Tsitsi la pachibwano silinathe, koma analeka kulizula mobisa, ankangolimeta pakhonde ngati munthu wowenga zikhadabo. Msambo unayamba kubwera mwezi ndi mwezi. Fainesi, posowa kolowera, anadzakhala m'kanyumba ka kuseri kwa Jelita. Poyamba sankayankhulana kupatula moni. Kenaka anayamba kupitira limodzi kuchipatala kukayezetsa shuga. Amayi ena, ngakhale ena mwa ogulitsa tomato aja, anayamba kufika kudimba ngati ofuna mpiru, n'kumafunsa monong'ona kuti, "Paja amati matendawa amayamba bwanji?"

Binwelo sanathenso kugwira sowo. Anagulitsa zida zake n'kuyamba kuweta mbuzi. Yotamu anamanga kanyumba ka udzu pa phulusa la nyumba yake, nayamba kusenza matumba pamsana kumsika. Pa bawo sanakhalenso, ndipo akamayankhula ankaphimba pakamwa ndi dzanja.

Patapita zaka zinayi kunabwera bambo wina wokumba zitsime, wofedwa mkazi, dzina lake Akimu. Atamufunsira, Jelita anamuuza zonse tsiku lomwelo.

"Mudziwiretu, ine ndimameta ndevu, ndipo za mwana sindingakulonjezeni."

"Ndiye tizigula malezala awiri," anatero Akimu.

Atakwatirana, mayi Chatepa anamusiyitsa mapiritsi aja namupatsa mankhwala okhwimitsa dzira. Mwezi woyamba panalibe kanthu. Wachiwiri chimodzimodzi. Wachinayi Jelita analira kudimba mpaka Fainesi anachita kukamutenga. Mwezi wachisanu msambo unasowa, ndipo ulendo uno Jelita sanadikire kuti anthu a pamsika amuuze, anapita yekha kukayezetsa. Inali mimba. Anamuyang'anira mwezi ndi mwezi, chifukwa amayi a matendawa akaima, shuga ndi kuthamanga kwa magazi zimakonda kukwera. Nthawi itakwana, anabereka mwana wamkazi wa tsitsi lambiri ndi mawu aakulu.

Tsono apa ndi pamene pagona mlandu wathu.

Pa mwambo, mwana woyamba amatchulidwa dzina ndi a kuchimuna. Koma Akimu anakana. "Ine ndinapeza mayiyu ali moyo kale," anatero. "Dzina litchulidwe ndi amene anamusiyira moyowo." Jelita anatumiza uthenga kwa mayi Chatepa, koma iwo anayankha kuti, "Ine ndinangogwira ntchito yanga. Sindinataye chala, dzino kapena diso. Funsani amene anataya."

Tsiku lotulutsa mwana m'chikuta, atatu aja anakhala pamphasa, anthu atawazungulira.

Binwelo anakweza dzanja lake la chala chimodzi. "Chikwanje chija chinkapita pamimba pomwe mwanayu wagona miyezi isanu ndi inayi. Ndikanachedwa pang'ono pokha, Yotamu akananyamula mtembo, Fainesi akanaulula pamaliro. Ndine malume ake. Atchedwe Esinati, dzina la malemu mayi athu."

"Achimwene, dzanja lomwelo ndi limene linathyolera thabwa pamsana pake," anatero Yotamu, dzanja lili pakamwa. "Mukanamuperekeza kuchipatala tsiku lija, chikwanje chikanabwera kudzatema chiyani? Ndiponso inu munatchinjiriza magazi anu, chibale ndi fupa. Ine sanali kanthu kanga. Aliyense ankati thawa. Ndikanathawa, akanatha magazi pamsika pomwepo, zala zanu n'kupita pachabe. Atchedwe Tafika."

"Nanga anakutuma ndani kunena zija pa bawo?" anafunsa Binwelo. "Popanda pakamwa pako, dzina loti Fainesi atchule pa foni likanachokera kuti?"

Fainesi anadikira kuti amunawo atope. Kenaka anayankhula osakweza mutu.

"Foni ndinaimba ndine, sindikana, ndinavomera kale pamaso pa anthu. Koma inu awiri munapulumutsa thupi lake. Akanatuluka m'chipatala ali moyo, dzina lake likadali la wachigololo wochotsa mimba. Akanakhala mudzi uti? Bambo Akimu akanamufunsira? Iwenso Yotamu ukanapsa ndi tayala tsiku lija. Zala ndi mano munataya pa kamphindi, mtima uli m'mwamba, osaganiza. Ine ndinakhala pansi ndikudziwa kuti ndikatuluka, banja latha, abale atha. Ndinatulukabe. Inu nonse muli ndi ana anu, munawatchula mayina. Ine mwina sindidzakhala naye woti ndimutche. Atchedwe Poyera."

Onse anatembenukira kwa Jelita. Iye anayang'ana mlongo wake amene anamukwapula n'kumuikiranso dzanja. Anayang'ana wa kabaza amene anaseketsa naye anthu pa bawo n'kumuberekanso kumsana. Anayang'ana mlamu wake amene anamuitanira chikwanje n'kudzivulanso pagulu chifukwa cha iye. Mwana anayamba kulira, iye n'kumuika kubere.

Ine nkhaniyi ndinaisiya pamenepo, mwana akuyamwa wopanda dzina. Musandiuze kuti apatsidwe mayina onse atatu, chifukwa loitanira mwana pakhomo limakhala limodzi. Musandiuzenso kuti onse akanidwe, chifukwa popanda mmodzi yense wa iwo mwanayu sakanabadwa. Tsono inu amene mwamva zonse, Binwelo wa zala, Yotamu wa mano, Fainesi wa diso, aliyense ndi cholakwa chake ndi nsembe yake: ndani woyenera kumutcha dzina mwana wa Jelita?